Makutu Anga Anatsalira ku Joni

Alendo akafika kuno ku Mpanshya amandiyesa munthu wamatama. Amandipatsa moni ndili chowerama pa njinga ya munthu, ndikumata chubu, ine osatembenuka n'komwe. Eni mudzi anazolowera. Amazungulira kaye, kudzaima kutsogolo kwanga, ndiye n'kuyamba kulankhula. Ana a sukulu okha ndiwo amandilankhulira kumbuyo mwadala, ndipo zimene anenazo ndimaziona pa nkhope za anzawo. Sindikwiya nazo. Khutu lamanzere linaferatu, lamanja limangotola phokoso lalikulu ngati la lole yotsika phiri, ndipo onse awiri ndinawagulitsa ndekha ku Joni, pang'onopang'ono, osadziwa kuti malonda anga ndi amenewo.

Komatu anali makutu otchuka. Ndili mnyamata, ine ndi amene ndinkawamba ng'oma za kwaya. Lamlungu m'mawa ndinkasonkha moto wa udzu kuseri kwa tchalitchi, n'kumayandikiza chikopa ku moto, kuchigogoda ndi chala, kuchibweza, kumata phula pakati, mpaka ng'oma iliyonse ilankhule mawu ake. Akuluakulu a kwaya sankayamba nyimbo ndisanagwedeze mutu. Ngakhale mkazi wanga Aginesi ndinamusankha ndi khutu. Ankaima mzere wakumbuyo, ine nditafulatira oyimba, koma ndinadziwa kuti pakati pa atsikana onsewo pali mmodzi amene mawu ake sagwedera.

Umakaniko ndinaphunzirira ku Lusaka, pa galaja ya mabasi. Boma latsopano litalowa, makampani anayamba kutsekedwa, ndipo ifenso anatiuza kuti tikapume kunyumba. Ndinabwerera kumudzi chaka chimene chimanga chinapserera chisanamasule. Mwana wathu Sisiliya anali wakumsana, asanayambe kutchula ngakhale liwu limodzi. Dalaivala wina wa lole amene ndinkadziwana naye anati ku Joni munthu wodziwa sipanala sagona ndi njala, ndipo anavomera kundinyamula.

Aginesi anandiperekeza mpaka pa msewu waukulu wa ku Rufunsa, mwana ali kumbuyo. Sanalire. Anangondiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi ngati akuwerenga mbuzi.

"Batate bake Sisi, mukabwele na manja yonse yabili, na mendo, na maso," anatero. "Bantu baku migodi babwela bopunguka."

"Sinienda ku mugodi ine, bamake Sisi. Niyenda ku mamotoka."

Za makutu palibe anatchula, iye kapena ine.

Ku Joni ndinafikira m'manja mwa ba Lungu, bambo wa ku Nyimba, wowotcherera mapaipi a utsi. Anali wamtali, wosakonda kuseka, ndipo anali atakhalako kuyambira nthawi imene azungu anali asanaganize zotula boma. Anandipezera malo pa galaja imene ankagwirapo, nandigawira theka la chipinda chake cha malata kuseri kwa galajayo. Kuzizira kwa kumeneko sikuli ngati kwa kwathu kuno. Madzi ankaundana m'ndowa, ndipo tinkagona ndi maovolosi, nsapato zili kumapazi. Mapepala okhalira m'dzikomo ndinalibe, choncho kamwa langa linali lotseka pa chilichonse.

Mwini galaja anali mzungu wofiira khosi amene tinkamutcha Mapulagi, chifukwa tsiku lonse ankakhalira kusuzumira mapulagi a injini ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Sankalankhula, ankakuwa. Ngakhale pofunsa tiyi ankakuwa. Ndinkayesa ndi nkhanza, ndipo panapita nthawi ndisanazindikire kuti mwini wakeyo sankadzimva.

Galajayo sinali yokonza magalimoto odwala. Ankabweretsa magalimoto abwinobwino, a anyamata amene makolo awo anali ndi chuma, kuti tiwaike botolo. Pa mpikisano wawo magalimoto awiri ankanyamuka pamodzi pa msewu wowongoka, waufupi woti munthu woyenda pansi sangatuluke thukuta, ndipo wofika msanga ndiye mwamuna. Botololo linali la gasi wa nayitirasi. Gasi ameneyu akalowa mu injini yotentha amamasula mpweya wambiri woyatsira moto, ndiye injini imatha kupsereza petulo wochuluka nthawi imodzi n'kupeza mphamvu zimene sinabadwe nazo. Vuto lake ndi limodzi. Gasi akachuluka, petulo n'kuchepa, motowo umatentha mopitirira n'kuyamba kudya injini yomweyo.

Ndinayamba ndi tsache, kenako anandiphunzitsa kumanga mabotolo. Botolo limakhala m'buti, lopendekeka, mutu wake utaloza kutsogolo, chifukwa mkati mwake muli kapaipi kofika pansi komwe kamayenera kuyamwa gasi akadali wamadzi. Kuchokera pamenepo paipi imadutsa pansi pa galimoto mpaka ku injini, komwe kuli mavavu awiri amagetsi, ina ya gasi, ina ya petulo. Onse awiri amatseguka limodzi dalaivala akaponda mafuta mpaka pansi. Kutsogolo kwa vavu iliyonse kuli jeti, kachitsulo kachikasu kokhala ndi bowo ngati la singano. Ntchito yonse yagona pa timabowo tiwiri timeneti. Mapulagi ankayamba ndi ting'onoting'ono, kuchedwetsa moto wa mapulagi pang'ono, kuika mapulagi osatentha msanga, kuyesa, kenako n'kukulitsa bowo pang'ono. Munthuyo anali waphokoso koma pa ntchito analibe phuma.

M'nyengo yozizira gasi ankafooka m'botolo, ndiye ndinkaliviika m'beseni la madzi ofunda, maso ali pa geji. Ena m'magalaja ena ankaliwotcha ndi moto wowotcherera zitsulo, ndipo nkhani za amene anaphulika nalo tinkazimva. Ine ndikakhala pa beseni paja, ndikutembenuza botolo, mtima unkapita kuseri kwa tchalitchi. Ndinauza ba Lungu kuti ndabwera kutali chonchi kudzawambanso ng'oma. Sanaseke, koma anandipatsa theka la buledi wake.

Poyesa galimoto tinkaikweza pa zogudubuza zachitsulo zokwiriridwa pansi, n'kuimanga ndi matcheni, kuti ithamange ili pamalo amodzi. Mapaipi a utsi anali otsegula, opanda chotsekereza phokoso, ndipo malata a denga ankanjenjemera. Tsiku lina ndikudutsa ndi beseni langa, galimoto ina ikulira pamenepo, ndinamva kanthu pansi pa mkokomowo, ngati munthu akugwetsera chimanga m'mbale yachitsulo. Ndinauza ba Lungu, iye n'kukakoka Mapulagi malaya. Mapulagi anazimitsa injini, namasula pulagi, naisuzumira ndi kagalasi kake. Inali ndi timadontho ngati tsabola. Timeneto tinali tizidutswa ta pisitoni imene inali itayamba kusungunuka.

Mapulagi anandiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira sipanala imene wakhala akuifuna sabata yonse. Kuyambira tsiku limenelo tsache analipatsa wina.

Anandipangira chomvetsera. Anamanga kachitoliro ka kopa pa injini, nalumikiza paipi ya labala, n'kuilowetsa m'zophimba makutu zimene anaziboola dala. Zophimba zimene anzanga ankavala kuti phokoso lisalowe, kwa ine zinali zolowetsera phokoso. Galimoto ikamalira pa zogudubuza ndinkaima pambali pa injini, boneti atachotsa. Zikakhala bwino ndinkaimika chala chachikulu. Chimanga chija chikangoyamba kugwa ndinkakweza dzanja, dalaivala n'kuchotsa phazi. Pamenepo Mapulagi ankakulitsa jeti ya petulo kapena kuchedwetsanso moto, ndiye n'kuyambiranso.

Ndisaname, ntchitoyo ndinkaikonda. Munthu wopanda mapepala, wogona m'malata, kukweza dzanja mzungu n'kuima. Loweruka ku bwalo la mpikisano magalimoto athu akamatulutsa gasi woyera m'mwamba asananyamuke, anthu akuimba mluzu, ndinkadzimva kuti ndine kanthu. Kunyumba kunapita malata, kunapita njinga, kunapita feteleza. Magalimotowo sindinakwerepo ngakhale imodzi ikuthamanga.

Nyenje zinayamba chaka choyamba chomwecho. Ndikaweruka, m'makutu munkalira ngati m'tchire la kwathu mwezi wa Okutobala. Poyamba zinkaleka ndikagona. Kenako zinayamba kudzuka nane. Ba Lungu, amene ankatseka makutu ake ndi thonje loviika mu girisi, anandiona ndikutokosa khutu ndi kamtengo ka machesi.

"Zayamba nyenje?" anafunsa.

"Pang'ono chabe. Zizasila."

"Sizisila izo. Wamuona Mapulagi? Enze kumvelela eka mainjini akalibe kukupeza iwe. Uganiza akuwa cifukwa ca ukali?"

Ndinamuyankha kuti makutu a mzungu ndi ofewa, athu anakulira pa ng'oma. Ndinali ndi pakamwa masiku amenewo.

Aginesi sankakonda zolembalemba. Ankabwereka wailesi ya akatekisiti n'kujambula kaseti, madalaivala a malole n'kundibweretsera. Lamlungu masana, galaja itatsekedwa, tinkakhala padzuwa ndi ba Lungu n'kumamvera. Munkakhala nkhani za mvula, za amene wamwalira, za mbuzi yolowa m'munda wa eni, kenako kwaya yonse ikuimba. M'makaseti oyamba Sisiliya ankangomveka kulira chapatali, nkhuku zikuthandizira. Chaka china anafika pa wailesi koma anachita manyazi, nathawa. Zaka zinapita choncho. Mawu a mwana wanga, oti ndinene kuti awa ndi ake, ndinali ndisanawamve, ndipo ndicho chinthu chimene ndinkachidikira m'kaseti iliyonse.

Kenako inafika kaseti imene Aginesi ananena kuti mwana walowa gulu la ana oyimba pa Misa. "Manje Sisi, baimbile batate bako," anamveka akutero. Ndinasendeza mpando. Munangomveka kufwanthula kwa tepi, ndi kanthu kena kochepa ngati udzudzu uli m'chipinda china. Ndinakweza wailesi mpaka kumapeto. Ndinaibweza, n'kuyambiranso.

"Tepi iyi yadyeka," ndinatero. "Olo wathabanso mwana uja."

Ba Lungu ananditembenukira.

"Aimba mwana," anatero. "Aimba bwino maningi. Mau yang'ono, yokwela pamwamba. Siumvela?"

Ndinati akundiseka. Koma ba Lungu sankadziwa kuseka, ndipo ndinkadziwa zimenezo. Mawu a Aginesi atabweranso ndinawamva, ng'oma ndinazimva, amuna a kwaya ndinawamva. Amene anasowa ndi mwana yekha. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale tsiku limene apolisi anatithamangitsa pa siteshoni.

"Yenda kunyumba manje manje," anatero ba Lungu. "Yasala pang'ono makutu yako. Kamumvele mwana pafupi, akalibe kusila."

M'mawa mwake ndinauza Mapulagi kuti ndikupita kwathu. Anakuwa kuti ndimalize kaye galimoto imodzi yofiira imene tinali titaiyamba kale, ikathamange mpikisano wotsekera chaka, kenako ndipite ndi mtendere. Sanandikakamize. Galimotoyo inali ya masilinda asanu ndi atatu, ndipo botolo lake, mapaipi ake, mawaya ake, zonse ndinamanga ndine. Ndinafuna kuiona itapambana. Ndinaganiza kuti makutu amene apirira zaka zonsezi sangathere pa galimoto imodzi. Chimene sindinaganize n'chakuti kugogoda kwa injini, chimanga chogwera m'mbale chija, nakonso ndi kaphokoso kakang'ono, kokwera pamwamba, kofanana ndi mawu a mwana.

Mwini galimotoyo ankafuna majeti aakulu kuposa onse amene tinaikapo. Mapulagi anakwera nawo pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chake. Poyesa koyamba zinali bwino, ndipo mapulagi anatuluka oyera bwino. Anakulitsa bowo la gasi. Botolo linali lofunda, geji ili pamalo pake. Dalaivala anaponda mpaka pansi, mavavu anatseguka, galimoto inakoka matcheni ngati ng'ombe yolusa. Ndinatsinzina, n'kumvetsera ndi mtima wonse. Munali mkokomo wokhawokha ndi nyenje zanga. Ndinaimika chala chachikulu.

Nditatsegula maso ndinaona ba Lungu akuthamanga kuchokera kumene ankawotcherera, manja ali m'mwamba. Iye, ndi thonje lake m'makutu, anali atamva.

Moto unabwerera chakumbuyo n'kukumana ndi gasi ndi petulo pakamwa pa injini, pafupi ndi mutu wanga. Kuphulikako sindinakumve, ndinangoona kuwala. Nditatsitsimuka ndinali pansi, nsidze zitapserera, magazi akutuluka m'khutu lamanzere. Anthu ankathamanga ndi zozimitsira moto, pakamwa pawo pali yasa, koma dziko lonse linali zii. Atamasula injiniyo anapeza mapisitoni awiri atabooka pakati.

Mapulagi ananditengera yekha kwa dokotala. Dokotalayo anasuzumira, napukusa mutu, nandionetsa ndi manja kuti lamanzere latha, lamanja latsala pang'ono ndipo silidzabwerera. Pobwerera m'galimoto Mapulagi sanakuwe. Anangoloza khutu lake, n'kuloza langa. Anandipatsa bokosi lake lakale la zipangizo, lomweli ndikukonzera njinga lero.

Ndisananyamuke anali atapeza kale wina, bambo wa ku Mozambiki amene kwawo ankaimba gitala. Ndinamuona akuyesa zophimba makutu zija, paipi ya labala ikulendewera. Ndinamukokera pambali n'kumuuza za nyenje. Anandisisita paphewa akumwetulira, ndipo ngakhale sindinamve yankho lake, ndinalidziwa, chifukwa linali langa lomwe lija.

Ba Lungu anandinyamulira bokosi mpaka pa basi. Anandigwira mapewa n'kukuwira m'khutu lamanja kuti ndikapereke moni kwa mwana woyimba uja. Iye kwawo sanabwerere. Ndinamva patapita nthawi kuti chifuwa chinamutenga, ndipo anaikidwa komweko.

Minibasi inanditsitsa pa msewu waukulu pomwe ndinakwerera lole. Kumudzi ndinapeza nyumba ya malata, mayi anga ali kumanda, ndi Aginesi amene anali atazolowera kulamula yekha munda, mbuzi ndi nkhokwe. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi monga tsiku lija. Manja analipo, miyendo inalipo, maso analipo. Analankhula kanthu akumwetulira, ine n'kumupempha kuti abwereze. Anabwereza, ndinamupemphanso. Kumwetulira kuja kunachoka.

Kenako anabwera Sisiliya, mtsikana wamtali woti n'kusenza ndowa. Mayi ake anamulera bwino, ndipo vuto linagona pamenepo. Anagwada chapatali, nawerama, maso ali pansi, n'kundipatsa moni ndi mawu otsika, monga amachitira mwana waulemu kwa bambo ake. Ndinangoona pamwamba pa mutu wake. Milomo sindinaione, mawu sindinawamve.

"Sendela pafupi, mwana wanga," ndinatero. "Niyang'ane kumaso. Kamba mokweza."

Anayang'ana mayi ake mwamantha. Zaka zonse anamuphunzitsa kuti wamkulu sayang'anidwa m'maso ndipo bambo sakuwidwa, ndiye lero mlendo wa nsidze zopserera akumuuza kuti achite zonse ziwiri. Anayesa, anakweza mutu pang'ono, koma pofuna kulankhula mutu unabwerera pansi wokha. Masiku otsatira ankabweretsa madzi, kugwada, kunena kanthu kwa dothi, n'kuchoka. Ndinkakwiya, osati ndi iye, koma mkwiyo wa munthu wosamva umatuluka mokuwa. Ndinaona mwana akunjenjemera ndipo ndinadziwa kuti ndasanduka Mapulagi m'nyumba mwanga.

Lamlungu loyamba akuluakulu a kwaya anandichitira ulemu, nandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Moto wa udzu unali woyaka, ng'oma zili pomwepo. Ndinawamba imodzi, kuigogoda, kuiyandikiza ku khutu lamanja. Inkangoti di, di, kaya yapsa kaya ayi. Onse ankadikira mutu wanga. Ndinaipereka kwa amene anatenga malo anga n'kunamizira utsi m'maso. M'tchalitchi ana oyimba anadutsa kutsogolo atavala zoyera, Sisiliya ali pakati, pakamwa pake pakutseguka ndi kutsekeka. Amayi a pa benchi yakutsogolo ankatembenuka kundiyang'ana, akugwedeza mitu kuti ndabala.

Aginesi si munthu wolira, ndi munthu wofuna njira. Tsiku lina masana tikutong'ola chimanga pakhonde, njere zikugwera m'beseni lachitsulo popanda phokoso lililonse kwa ine, anaitana mwana. Anamukhazika pafupi nane pamphasa, natenga dzanja langa lokhakhala ndi girisi wa zaka zonse zija, n'kuliika pakhosi pa mwanayo.

"Imba," ndinaona milomo yake ikutero.

Sisiliya anatsinzina ndi manyazi, koma anaimba. Pansi pa zala zanga kakhosi kanayamba kunjenjemera, pang'onopang'ono, mosadukiza, kukwera, kutsika, osagwedera ngakhale pamodzi. Ndinayandikiza khutu lamanja mpaka tsitsi lake linandikhudza tsaya. Nyenje zinali pomwepo, zikuimba yawo.

Atamaliza anachita chimene anali asanachitepo. Anandiyang'ana m'maso, nafunsa kanthu. Aginesi anawerama n'kukuwira m'khutu langa.

"Afunsa ngati mwamvela."

Ndinagwedeza mutu, monga ndinkachitira kale ng'oma ikapsa bwino. Mwana anadzuka n'kuthamangira kwa anzake kukawauza kuti batate amva.

Pano Sisiliya ndi mayi wa ana ake, ndipo ndiye amatsogolera kwaya. Anthu akabwera kudzakonzetsa njinga amaima kutsogolo kwanga n'kukuwa kuti mwana wanga amaimba ngati mayi ake. Ndimawavomera. Mawu a mayi ake ndimawakumbukira, ndiye pa Misa ndimayang'ana pakamwa pa Sisiliya n'kumaikapo amenewo.